Masamba Asanu a Mayi Lindalva

Mayi Lindalva Bezerra anabadwa pa 14 Malichi 1961 kumudzi wina kufupi ndi tauni ya Caruaru, ndipo kabuku kawo koyamba anakapachika pachingwe chogulitsirapo timabuku kumsika pa 15 Seputembala 1984. Ntchito yawo ndi yolemba nthano m'ndakatulo, zija timazitcha cordel: timabuku ta ndime makumi atatu ndi ziwiri, ndime iliyonse mizere isanu ndi umodzi. Chithunzi cha pachikuto amasema pakathabwa ndi amuna awo, bambo Erivaldo.

Kagulitsidwe kake n'kamene anasiya makolo. Loweruka lililonse amaima pamsika n'kumawerenga mokweza, anthu ataunjikana. Nkhani ikafika pampondachimera, amatseka kabuku kaja n'kunena kuti, "Wofuna mapeto, kabuku ndi aka." Anthu amadandaula, ena amawanena kuti ndi ouma mtima, koma amagula.

Mliri utatseketsa msika, pa 3 Ogasiti 2020, analowa m'gulu la pa WhatsApp la anthu akwathu ogwira ntchito kumzinda wakutali wa São Paulo: omanga nyumba, oyendetsa mabasi, antchito a m'nyumba, onse osapitirira makumi asanu ndi limodzi. Ankawatumizira ndakatulo ndi mawu awo, ndipo zinkawakwanira.

Zinthu zinasintha pa 8 Novembala 2022, atapita kumaphunziro a alembi. Wophunzitsa wake, bambo wa jekete lonyezimira, ananena kuti masiku ano mlembi ayenera kupezeka paliponse, apo ayi aiwalika. Mayi Lindalva anabwerako atatsegula masamba ena anayi a mchezo: la zithunzi, la timakanema, la mauthenga afupiafupi, ndi lina la alembi okhaokha.

Apa ndiye anadzikola okha. Iwo analeredwa kuti moni sayankhidwa ndi chete. Aliyense woika kamtima pansi pa ndakatulo yawo ankamuthokoza pomutchula dzina. Foni inkayamba kulira khofi asanathire m'kapu, ndipo pofika masana maso anali atawawa, kope lolembamo lili chitsekere.

M'kopemo munali nthano ya mbuzi imene inameza mphete ya ukwati. Inaima pa ndime ya 19, pamene mkwati wasolola mpeni pakhosi pa mbuziyo, chikhalirecho mbuzi ndi ya apongozi ake. Inaima pomwepo miyezi isanu ndi umodzi. Wosindikiza anali atanena kale kuti akapanda kulandira zolemba pofika 9 Juni, makina ake adzakhala ndi ntchito ya ena. Chiyambire 1985, mayiwa anali asanafikepo pachikondwerero cha mu Juni cha Yohane Woyera opanda kabuku katsopano.

Loweruka pa 20 Meyi 2023, ali pamsika, mutu uli pafoni, anaitanidwa ndi mayi Creuza, mnzawo wogulitsa tchizi pabenchi loyandikana nalo.

"Achemwali, kodi mwakwatiwanso? Mwamuna wanu watsopanoyu ngwansanje bwanji, sakulolani n'kudzutsa mutu komwe."

"Ndisiyeni, Creuza. Ndili ndi anthu zikwi zitatu ondiwerenga."

"Zikwi zitatu! Ali kuti? Ine pano ndaona anthu anayi aima pachingwe chanucho, adikira, achoka. Mmodzi mpaka anatsokomola dala."

"Awa a pafoniwa amandikonda. Taonani timitima."

"Timitima ndikazingira tchizi? Inu, mbuzi ya m'nthano munandiwerengera ija yafa kapena ili moyo? Ine khosi landiwawa m'malo mwake."

Mayi Lindalva anaseka, koma mawuwo anawalasa. Anayang'ana timitima tija n'kudzifunsa kuti, kodi mwa anthu onsewa, alipo amene khosi lamuwawa chifukwa cha mbuzi? Pamsika sankafunsa funso lotere. Ankangotseka kabuku, nkhope n'kumayankha zokha.

Masana omwewo, atafika kunyumba, anachita zimene amadziwa. Anaika ndime khumi ndi zisanu ndi zinayi zija pamasamba onse asanu, osafotokoza kanthu, nkhani n'kuidulira pampeni pomwepo. Kenako anapereka foni kwa amuna awo.

"Bambo, iyi muisunge mpaka Lolemba. Ndikaipempha mukane."

"Ndikane inu? Pa zaka makumi anayi ndinayamba ndapambanapo?"

"Yesani lero."

Bambo Erivaldo anaitsekera m'bokosi la zosemera. Lamulungu atabwerako kutchalitchi, mayi anazungulira bokosilo kawiri, koma sanapemphe.

Lolemba pa 22 Meyi m'mawa anakhala onse awiri pakhonde n'kuitsegula. Patsamba la zithunzi panali timitima tambirimbiri ndi maluwa. Patsamba la timakanema wina anafunsa kumene anagula ndolo zawo. Pa la mauthenga afupiafupi panali anthu awiri akukangana za ndale. Pa la alembi, bambo wina analemba kuti, "Mapeto ake andigwetsa misozi," n'kuwapempha kuti awerengenso zake.

"Mapeto ati?" anafunsa bambo Erivaldo. "Kapena iyeyu wamaliza yekha?"

Kenako anatsegula gulu la ku São Paulo. Munali mauthenga a mawu oposa makumi anayi, ndipo panalibe wowayamikira ngakhale mmodzi. Woyamba anali Josenildo, woyendetsa basi.

"Mayi, izi si zabwino ayi. Ndamvetsera pa nthawi yopuma, nkhomaliro yanga yazizira, inu n'kundisiya ndi mpeni m'malere? Ku Caruaru munkatizunza, kunonso mwatitsata?"

Wotsatira anali mayi wina wochapa zovala: "Mbuziyo isafe, chonde. Aphe mkwatiyo, n'chitsiru. Mphete amayika pawindo?"

Wina anayankha kuti apongozi ndiwo anaidyetsa dala mbuziyo, poti mkamwiniyo sankamufuna. Mkangano unayenda tsiku lonse la Lamulungu, mpaka mkulu wina womanga nyumba anawopseza kuti atuluka m'gulu mbuzi ikaphedwa.

Mayi Lindalva anaseka mpaka kupukuta misozi ndi ngodya ya epuloni. Za apongozi zija anali asanaziganizepo, ndipo atangozimva, mzere woyamba wa ndime ya 20 unabwera wokha.

Tsiku lomwelo anatsazika pamasamba anayi aja mwaulemu, monga munthu wochoka pamudzi pa eni. Analemba kuti wofuna kuwapeza abwere pamsika Loweruka, kapena apemphe kulowa m'gulu. Pa zikwi zitatu zija anapempha anthu khumi ndi mmodzi. Tsamba la zithunzi anawasiyira bambo Erivaldo, poti zosema zawo n'zimene zimafuna maso. Gulu la ku São Paulo analiuza kuti azidzalitsegula Lachiwiri ndi Lachisanu, akatha kudya masana, ndipo amene sanayankhidwe asaone ngati wanyozedwa.

Ankalemba m'mawa uliwonse, akuyenda pabwalo n'kumatchula mizere mokweza kuti amve ngati ikugwa bwino m'khutu. Masiku ena ndime imodzi, tsiku lina zitatu. Ndime ya 32 anaimaliza pa 6 Juni. Mbuzi sinafe. Mkwati anaigonera m'khola masiku atatu kudikira mphete, ndipo apongozi ataona kupirira kwake anaulula okha mlandu wawo.

Lachitatu pa 7 Juni anakapereka kope kwa wosindikiza, kutatsala masiku awiri. Bamboyo anawerenga ali chiimire, zala zili bii ndi inki, ndipo pofika m'khola muja anakhala pansi chifukwa cha phwete.

"Mayi, tisindikize angati?"

"Monga chaka chatha," anatero mayi Lindalva. Anaganiza pang'ono. "Muwonjezepo makumi asanu ndi limodzi. Apita pa basi ku São Paulo."