Swichi ya Chipinda Changa

Kwathu ku Biwi ndinkagona pabalaza pamodzi ndi alongo anga awiri. Nditatha msinkhu, azakhali anadzawauza Ababa mosapsatira kuti mtsikana wamkulu sagona ndi anyamata. Loweruka lotsatira Ababa anatulukira ndi matabwa ndi mabolodi pawilibala, kuti adule kona ya balaza ikhale chipinda changa.

Ababa anali kalaliki, koma mumtima mwawo anali kalipentala, makaniko ndiponso wamagetsi. Vuto lawo linali limodzi: chimene aphwasula sichinkabwereramo. Njinga yawo inali m'thumba zidutswazidutswa, kudikira "Loweruka likubwerali" lomwe silinkafika.

Tsiku lomanga chipindalo nyumba yonse inanunkhira utuchi. Anaimika thabwa pakona, nakhomera ena mopingasa, pensulo ili kukhutu. Kenako anaboola matabwawo, nadutsitsamo waya wa babu langa, n'kuulumikiza ku waya wopita ku soketi ya kanema. Babulo analipachika m'mwamba, pafupi ndi malata.

"Bambo a Chifundo, osayesa kaye musanatseke?" anafunsa Amayi.

"Magetsi ndi masamu basi," anatero Ababa, n'kukhoma mabolodi, misomali mbwee.

Abale inu, chimwemwe chake! Ndikatambasula manja ndinkakhudza makoma onse awiri, koma chinali chipinda changa.

Madzulo aneba anadzaza pabalaza, nyali atazimitsa, kuonera filimu ya ku Nigeria. Ine monyada ndinakalowa kwanga, n'kudina swichi kuzimitsa babu kuti ndigone. Kanema thii!

"Aaa, azimitsanso anthu amenewa!" Aneba anayamba kunyoza a magetsi ndi mtundu wawo wonse, mpaka mayi wina anasuzumira panja n'kuti, "Koma konseku kukuyakatu." Ndinayatsa kuti ndione chachitika. Kanema nayenso anayaka, mfiti ya mufilimu ikuseka. Nawo aneba anafa nacho chiseko.

Ababa anatsokomola. "Mawa ndiphwasula khomali, ndikonze."

M'maganizo ndinaona khoma langa litalowa m'thumba, pambali pa njinga, ine nditabwerera pamphasa ya pabalaza. Ndinatuluka n'kugwada.

"Ababa, musavutike. Ine ndimaopa mdima, ndizigona nyali ikuyaka."

Linali bodza lamkunkhuniza, pakuti ndine ndinkaperekeza alongo anga kuchimbudzi usiku. Ababa anandiyang'ana, nawayang'ana aneba, n'kulengeza kuti iwo anachita kupangira dala, podziwa mantha a mwana wawo. Amayi analuma nsonga ya chitenje kuti asaseke.

Ndinagona motero mpaka kumaliza sekondale, nkhope itafunda chitenje, babu likuwotcha, kuseri kwa bolodi mfiti zikukuwa.

Lero ku Area 49 ndili ndi nyumba ya makoma a njerwa, swichi iliyonse imadziwa ntchito yake, ndipo ana anga aliyense amaonera zake pafoni. Ababa anatisiya, koma khoma lawo ku Biwi likadalipo. Amuna anga amadandaula kuti ndimatha mayunitsi a magetsi, poti mpaka pano nyali ikazima sindipeza tulo.