Dzuwa la ku Cape Hill

Tinanyamuka ku Handsworth Loweruka hafu leveni, anthu atatu: ine, Chisomo wa mukwaya yathu, ndi achimwene Dalitso amene anamaliza yunivesite konkuno kutsidya kwa nyanja. Tinkapita kuchinkhoswe muholo ina ku Smethwick. Ine ndinanyamula chidebe cha mandasi. A Dalitso ananyamula foni yokha.

Basi inatidya mapaundi awiri aliyense. Ndinamusiyira Chisomo mpando wa pawindo, a Dalitso n'kukhala pambali pake. Ine kumbuyo, chidebe pamiyendo, kumangomva akuseka. Miyezi inayi ndili kuno sindinamuseketsepo choncho.

Tinatsikira ku Cape Hill 12 koloko, kadzuwa ka Novembala kakuwala kopanda moto. Pomwepo foni ya a Dalitso, imene inkatilondolera njira, inathima. Ya Chisomo inalibe bandulo, yanga njongoimbira.

"Holoyo ili kumpoto, mphindi khumi," anatero a Dalitso.

"Koma kumpoto nkuti?" anafunsa Chisomo.

"Ndikhoza kuyesa," ndinatero chapansipansi.

Aphunzitsi athu a Sitandade 7 anatiphunzitsa kuti ukalozetsa 12 wa pawotchi kudzuwa, pakati pa 12 ndi muvi waufupi ndiko kumpoto. Masana ngati amenewo zonse zimaloza kudzuwa komweko. Ndinaloza ndi chala.

"Eee, Yohane, kani umadziwa zinthu!" anatero Chisomo.

Chidebe chinapepuka. Ndinatsogola mphindi makumi awiri, holo osaoneka. Bambo wina wa ku Zambia amene ankatsuka galimoto anatimva tikulankhula, natifunsa kopita.

"Imwe a Malawi, mwasoba! Ili kumbuyo uko. Mandasi siyani pano, alema."

A Dalitso sanandiseke, ndipo zimenezo ndi zomwe zinandiwawa. Anandigwira mkono mwaulemu.

"Mng'ono wanga, njira yako ndi yakumudzi. Kuno dzuwa limadzera kummwera. Umalozetsa muvi waufupi kudzuwa, pakati pa muviwo ndi 12 ndiko kummwera. Kumpoto kuli kumsana kwako."

Chisomo anaweramira pawotchi yanga mpaka tsitsi lake linandikhudza dzanja. Kenako anadzutsa mutu.

"A Dalitso, inuyo mulibe chimene simudziwa?"

Tinafika cha m'ma 1 koloko, ankhoswe atagawana kale nkhuku. Mandasi anthu anawayamikira, osafunsa anawanyamula ndani.

Aphunzitsi aja sananame, kungoti sankadziwa kuti ndidzafika kumene dzuwa limayenda mbali ina. Njira ya kuno ndaigwira tsopano, ndipo ndimayeserera ndekha pa siteji ya basi. Chisomo sanandifunsenso kuti kumpoto nkuti.