Babu la a Langton pa Msika wa Chadiza

A Langton Mbewe anabwerera ku Chadiza mu 1994, ntchito ya kumigodi itatha. Anagwira zamagetsi ku Kitwe zaka makumi awiri, ndipo akazi awo anawaika m'manda konko. Ana awo awiri anatsalira ku Lusaka. Kwawo ku Zemba anapeza amsinkhu wawo ambiri atamwalira, achinyamata akuwapatsa moni ngati mlendo. Anapeza kanyumba pa boma, khonsolo n'kuwalemba ntchito yoyang'anira magetsi a pamsika.

Magetsiwo anali atatu basi, mababu a sodiyamu owala chikasu. Akayaka madzulo, munthu wabwinobwino ankaoneka ngati wodwala.

Tsiku lina mai Lily, ogulitsa tomato, anawaimitsa.

"Bambo, getsi lanuli likutithawitsira ogula. Taonani, tomato wakupsa bwino akuoneka ngati wovunda."

A Langton anangogwedeza mutu. M'bokosi lawo lachitsulo munali babu limodzi limene kapitawo wawo wa kumigodi anawapatsa powatsazika. Linali la sodiyamu lomwe, koma lamakono, loonetsa chinthu chilichonse mtundu wake weniweni. Anali atalikulunga m'nsalu, osadziwa kuti adzaliika pati.

M'mawa mwake anakwera makwerero popanda wowagwirira, naliika pamtengo wa magetsi wa pakati. Dzuwa litalowa babulo linayamba mofiirira, kenaka n'kumayera pang'onopang'ono. Tomato anafiira psuu, repu anabiriwira. Amayi anayamba kuyang'anana zitenje, akuseka.

"Khonsolo yatikumbukira!" anafuula wina.

A Langton anali ataima patali, atagwira njinga yawo. Mai Lily anawaona, nabwera ndi tomato anayi m'manja.

"Mukathire m'ndiwo, bambo. Amayi kunyumba akakondwa."

"Zikomo kwambiri," anatero a Langton. Sanawauze kuti kunyumbako kulibe munthu.

Kuyambira tsiku limenelo, madzulo aliwonse ankakhala pabenchi la telala moyang'anizana ndi getsilo, kuonerera anthu akugula mpaka ogulitsa atalongedza. Owalankhula anali ochepa, kawirikawiri ofuna kukonzeredwa wailesi.

Babulo linapsa mu 1997. Analemba makalata awiri kupempha lina ku Chipata, koma lamtunduwo silinapezeke. Chaka chotsatira maondo anayamba kuwavuta, makwerero anawalephera. Anakweza bokosi lawo pangolo, nasamukira ku Zemba kwa mlongo wawo, kumene ankalima kamunda ka mtedza kuseri kwa nyumba.