Mbande Zanga za Kabichi

Fungo la dothi lonyowa, mkazi wanga akamathirira maluwa pakhomo, limandikumbutsa bedi langa la mbande za kabichi kudimba kwathu ku Biriwiri. Bambo anandipatsa bedilo chaka chimene sukulu inakhala yaulere. Lamulo linali limodzi: keni ziwiri za madzi m'mawa uliwonse, ndisanapite kusukulu.

Ndinkatha ndithu, mpaka chisanu cha Juni chinandikaniza kutuluka m'bulangete. Loweruka lina ndinapeza mbande zitagona, masamba atafota. Ndinayamba kutunga madzi ndikulira, kuti ndibweze keni zonse zimene ndinajomba.

"Iwe, ukufuna uziwoletse?" Bambo anandigwira mkono. "Thira ziwiri za lero basi. Mawa ubwerenso."

Ndinabweradi, zala zitauma ndi kuzizira. Mkuja ndinabweranso. M'mawa wina, nkhungu ikadali m'mapiri, ndinasuzumira pansi pa udzu umene tinatchingira bedilo. Mbande zinali zitaimirira, timasamba tatsopano tikutuluka pakati.

"Bambo! Zadzuka! Bwerani mudzaone!"

Anali kutali, akupalira tomato. Ndinawathamangira keni ili m'manja, madzi ozizira akundikhavukira m'miyendo, ine osamva n'komwe.