Mawu a Aida Pansanja ya Mpunga

Mayi Clotilda alima mpunga kudambo la kumunsi kwa Golomoti kuyambira ali mtsikana. Chaka amachiwerengera kumunda: matope a Januwale, misundu ya Febuluwale, kenako Epulo, ngala zikawerama ndipo mpheta zikatsika ngati utsi. Amuna awo, a Ezekiele, ali ku Joni chaka chachisanu tsopano. Pakhomo anatsala ndi mwana mmodzi, Aida, wa Fomu 2.

Aida anali ndi mawu. Akakwera pansanja n'kukoka chingwe cha zitini, kukuwa kwake kunkabalalitsa mbalame mpaka m'minda ya eni.

Loweruka lina mayi ake anamujambula vidiyo pafoni imene a Ezekiele anatumiza. Ankafuna kuti bambo aone mpunga, aonenso mmene mwana wakulira. Poti kutumiza sankadziwa, anapempha bambo wotchaja mafoni pamsika. Iye anaonera, anaseka, natumiza ku Joni. Anatumizanso kwa anzake.

Lolemba Aida atangolowa m'kalasi, ana anayamba kukuwa monga iye, akuguguda madesiki. Wina anali ataikamo nyimbo, nkhope yake yamatope ikubwerezabwereza. Lachitatu kusukulu sanapite. Sabata yotsatira chakudya ankangochigwiragwira, maso ali pafoni, akuwerenga zimene anthu osamudziwa ankalemba za mano ake.

Mayi Clotilda analanda foni ija n'kuikwirira pansi pa thumba la mpunga wambewu. Atamva kuti vidiyoyo ili m'mafoni enanso, anamanga chitenje cha kutchalitchi, nayamba kuyenda khomo ndi khomo, monga amachitira lichero lawo likasowa m'manja mwa obwereka. Ankaodira, n'kukhala pamphasa, n'kupereka moni wonse, kenako n'kupempha kuti mwana wawo achotsedwemo iwo akuona. Ena anafufuta mwamanyazi. Ena anati foni ilibe moto. Masiku anayi anayenda choncho, mpaka ku Mtakataka, mbalame zikudya mpunga popanda wozipirikitsa.

Kumeneko mtsikana wogulitsa tomato anawamvera chisoni. Anafufuta, kenako anawauza kuti iye anailandira kuchokera kwa achemwali ake a ku Lilongwe.

"Ndiye ku Lilongweko ali nayo ndi angati, mwanangu?"

"Amayi, olo mutakwera minibasi. Sizitoleka izi."

Anabwerera wapansi. Mwera unali utayamba, fumbi likuwalowa m'maso.

Atafika anapeza Aida atakhala pakhonde, yunifolomu ili pachingwe kuyambira sabata ija. Anakhala pambali pake, namuuza zoona: kuti anajambula ndi iwo, kuti ayenda ndipo alephera. Anafukula foni muthumba muja n'kumupatsa, akuti kuibisa sikunachize kanthu, koma akafuna kutsegula zolemba za anthu zija azitsegula ali awiri.

"Mukanandifunsa kaye, amayi," anatero Aida.

Mayi Clotilda ananyamuka n'kukaanula yunifolomu ija pachingwe.

M'mawa mwake anapita onse kudambo. Theka la munda linali mankhusu okhaokha. Mayi Clotilda anakwera okha pansanja, nakuwa ndi mawu awo osasa, mpheta n'kungosuntha pang'ono. Aida anaima pansi, atagwira chingwe. Anakoka, zitini zinalira. Pakamwa sanatsegule.

Mayeso a Fomu 2 atsala milungu isanu. Mayi Clotilda amasita yunifolomu ija Lamulungu lililonse, n'kuipachika pamsomali wapafupi ndi chitseko.