Ambokile Aika Manja Kumbuyo

Kalata ya ku unduna wa zaumoyo inafika m'chaka cha 1983, ndipo inalibe moni wautali. Mwa ophunzira zachipatala asanu amene Ambokile ankawayang'anira pa chipatala china ku Karonga, anayi analephera mayeso a ntchito yamanja. Zikachitikanso chaka chotsatira, chipatalacho sichidzalandiranso ophunzira.

Ambokile anaipinda kalatayo, n'kuitambasula, n'kuipindanso. Iyeyo, dokotala wamng'ono wosoka bala mofulumira kuposa telala wa pamsika, lero ana ake alephera! Analemba makalata awiri opempha kosi ya utsogoleri ku Lilongwe. Yankho, zii. Ndipo masiku amenewo boma sunkalifunsa kachitatu.

Amene analimba mtima anali nesi wamkulu, mayi Yunike.

"Bambo Ambokile, anawa si mbuli ayi. Mwana akangogwira singano, inu mwalanda kale. Nanga aphunzira liti?"

Zinamuwawa koopsa, chifukwa zinali zoona.

Loweruka, posowa mtendere, anakwera basi kupita ku Hara kwa mlamu wake Wallace, mlangizi wa mpunga. Anamupeza ataima m'mphepete mwa munda, manja kumbuyo, alimi atsopano akuwokera m'matope.

"Alamu, bwanji osalowamo? Taonani mizere yokhotayo!"

"Ndinawaonetsa Lolemba," anatero Wallace. "Ndikalowanso lero, mawa adikira ine."

Ambokile anabwerera nawo mawuwo. Gulu latsopano la ophunzira asanu litafika, ankaonetsa kamodzi, kenako n'kuima pambali, manja kumbuyo. Musaganize kuti zinali zophweka. Zala zinkamuyabwa, thukuta lili kamukamu, ndipo kawiri konse anaiwala n'kulanda singano. Mayi Yunike ankangotsokomola, iye n'kubweza mwamanyazi.

Tsiku lina anabweretsa msodzi wa ku Ngara, mwendo utang'ambika ndi chitsulo cha boti. Febby, wophunzira wamantha kuposa onse, anatsuka bala, magazi n'kusiya. Atatenga singano, anatembenukira kwa Ambokile.

"Bwana, chonde tengani."

Ambokile anayang'anitsitsa balalo. Moyo wa msodziyo sunali pangozi. Anakanikiza dzanja lina ndi linzake kumbuyoko.

"Ayi, mwana wanga. Yambira pakati. Ine ndili pompano."

Ntchito ya mphindi khumi inatenga ola lathunthu. Atamanga bandeji, Febby anatuluka panja n'kukalira ndi chimwemwe. Patapita masiku khumi, msodziyo anabwera kudzachotsa ulusi akuyenda yekha, ndipo anafunsa "dokotala wamkazi uja".

Chaka chimenecho onse asanu anakhoza. Kosi ya ku Lilongwe inabwera mochedwa, ndipo Ambokile atapitako, anzake ndi amene ankamufunsa chinsinsi.

Inu amene mwapatsidwa ophunzira, mwina kalata yanu yowawa yafika kale. Osataya mtima. Nanunso mungaphunzire kuphunzitsa: onetsani, imani pafupi, ndipo singanoyo musiyireni mwanayo.