Kuperekeza Agogo Yotamu

Ndinali ndi zaka ngati khumi pamene agogo Yotamu anafika kumudzi kwathu, kufupi ndi Katete, atanyamula kachikwama kachikopa ndi ambulera yothyoka. Anali malume awo a atate. Anati akuchokera ku Vubwi, angogona tsiku limodzi, mawa apitirira. Amayi anawaphera tambala monga mmene mlendo amalandirira, ndipo ine ndinawasiyira mphasa yanga n'kukagona kukhitchini pamodzi ndi nkhuku.

Inali nyengo ya mvula, chimanga chikadali chaching'ono kumunda. Nkhokwe yathu inali itatsika kwambiri moti pofuna kutapa ankandikweza ine kuti ndilowe m'kati ndikatole za pansi. Mawa lija linafika n'kudutsa. Mwezi unaoneka, unafa, agogo Yotamu ali pomwepo pakhonde pathu.

Sanali munthu woipa. Ankatikonzera mipini ya makasu, ankaimba nyimbo za kutchalitchi ndi mawu okoma. Koma pa chakudya wopemphera ankakhala iwo, ndipo pemphero lawo linkayambira kwa Adamu. Pofika pa ameni ndiwo zinali zitazizira, komabe iwo ankatha kudya tonsefe tisanafike pakati.

Tsiku lina tikupalira mtedza ndinamva amayi akufunsa atate motsitsa mawu, akuwaitanira dzina langa.

"Atate ake a Lameki, malume anuwa anyamuka liti?"

"Ndiwafunsa bwanji? Anandibereka kumsana amenewa."

"Ndiye aberekeni nanunso, mukawatule ku Vubwi. Chimanga chija sichifika pa dowe."

Kwathu mlendo sauzidwa kuti pitani. Amangomukonzera kamba wa panjira, iye n'kumva yekha. Amayi anakazinga mtedza umene unatsala pobzala, anauthira mchere, anaukulunga m'kansalu, n'kukagwada pamaso pa agogo.

"Atate, tamva kuti mawa mufuna kunyamuka. Kamba wanu ndi uyu."

Agogo anayang'ana kansaluko kanthawi. "Inde, mayi. Ndimati ndinene madzulo ano."

M'mawa mwake amayi anandituma kuti ndiwaperekeze agogo mpaka kumsewu. Ndinasenza kachikwama kaja ndi mtima woyera, ndikuganizira mphasa yanga. Njira inkadutsa padambo, kenako n'kulambalala manda, nkhalango yakuda bii imene ana tonse tinkaiopa, n'kukatulukira pa golosale ya a Saidi, Msilamu wochokera ku Malawi. Pakhonde pa golosaleyo ndi pamene anthu ankadikirira magalimoto opita ku Chadiza, kumene a ku Vubwi ankasinthira.

Galimoto yoyamba inafika. Agogo anati yadzaza. Yachiwiri anati woyendetsa wake ndi mwana, alibe ndevu. Kenako anamasula kansalu kaja, tinadya mtedza wonse awirife, a Saidi akutithandiza. Dzuwa litapendeka ndinatsanzika.

"Agogo, ine ndibwerere."

"Wekha? Pa manda paja, nthawi ino? Mayi ako angandiyese munthu wotani?"

Anati andidutsitse pa manda pokha. Titadutsa anati madzi a padambo angakhale atachuluka. Titaoloka dambo, denga la kwathu linali kuoneka. Tinapeza amayi akupeta ufa pabwalo.

"Ndabweza mwana wanu," anatero agogo. "Ali bwinobwino."

Amayi anati zikomo atate, ndi mawu aang'ono ngati a munthu wodwala dzino. Atate anazemba n'kupita kuseri kwa khola, ndipo tinawamva akuseka kumeneko mpaka kutsokomola.

Ulendo wachiwiri tinanyamuka tambala atangolira, kuti dzuwa lisatilowere. Agogo anapeza bawo litayalidwa pakhonde pa golosale ndipo anati munthu sakwera galimoto atasiya masewera pakati. Magalimoto anadutsa onse. Madzulo, pamene ankanditsogolera kubwerera, a Saidi anakuwa kuchokera pakhomo.

"Achimwene, tiuzeni tidziwe, mlendo ndi uti pa awirinu? Woperekezayo kapena woperekezedwayo?"

Nkhaniyo inafala m'mudzi monse. Anzanga ankandifunsa ngati ndayamba ntchito yoyendetsa agogo kokaona magalimoto. Ine sindinkaseka. Tinali titayamba kudya kamodzi patsiku, ndipo mlongo wanga Esinati ankalira m'mawa.

Ulendo wachitatu amayi anati tipita tonse. Atate patsogolo ndi kachikwama, amayi atabereka khanda, Esinati, ine, ngakhale galu anatitsatira. Titafika pa golosale tinakhala pansi mondondozana ngati anthu odikira mlandu. Agogo anatiyang'ana mmodzimmodzi.

"Lero mwana sabwerera yekha," anatero amayi, maso ali pansi.

Agogo anaseka mpaka misozi. "Mwandigwira, mayi. Mwandigwira ndithu."

Atasiya kuseka anayamba kusisita mpini wa ambulera. Kenako anayankhula osayang'ana aliyense.

"Ndikudziwa kuti ndakudyerani. Kwathu chimanga chilipo, nkhokwe ndi yodzaza, tinalima awiri chaka chatha. Koma chichokereni mayi aja, ndikaika mbale patsogolo panga chakudya chimakana kutsika. Kuno ndimamva ana akukanganirana ndiwo, ndiye ndimadya."

Ndinkadziwa kuti akazi awo anamwalira, atate anapita kumaliroko. Koma mu nzeru zanga za umwana maliro anali chinthu chimene chimatha anthu akabalalika.

Amayi anakonza nsalu ya mwana ngakhale inali yomangika bwino. "Nanga bwanji simunanene, atate? Ife tikupala pansi pa nkhokwe, inu chimanga chikufumbwa."

"Ndikananena mukanangotumiza thumba," anayankha agogo, "ine n'kutsala komweko."

Galimoto itafika, amayi anandikankha kumsana. Anati ine ndi atate tiwaperekeze mpaka pakhomo pawo penipeni, pasapezekenso chifukwa china. Agogo anakwera osanena kanthu za ndevu za woyendetsa.

Tinafika ku Vubwi tsiku lotsatira, titagona ku Chadiza. Nyumba yawo inali kumapeto kwa mudzi wa akazi awo, kumene anakhala pa chikamwini kuyambira ali mnyamata. Ana awo onse anali kumatauni. Udzu unali utamera mpaka pakhomo. Pakhonde panali mtondo utagona chammbali, musi wake utadyedwa ndi chiswe. M'nyumba munkanunkha chinyontho ndi phulusa lakale. Anthu a m'mudzimo anabwera kudzatipatsa moni mwaulemu, kenako aliyense anabwerera kwake.

Tinakhalako masiku angapo. Tinalambula pabwalo, tinatonola chimanga n'kudzaza matumba. Agogo ankaphika okha, ankapsereza ndiwo, ndipo mapemphero awo kumeneko anali aafupi.

Tsiku lonyamuka anatiperekeza mpaka kumsewu, atasenza thumba limodzi ngakhale atate anawakaniza. Tinakwera kumbuyo kwa galimoto, ine pamwamba pa matumba. Pamene inkanyamuka ndinawaona ataimirira m'mbali mwa msewu, dzanja lili m'mwamba. Kenako anatembenuka n'kulowa m'kanjira ka kumudzi, pang'onopang'ono, popanda wowatsogolera kapena wowatsatira. Chimanga chija chinatifikitsa pa dowe. Iwo sanabwerenso kwathu, ndipo patapita zaka zochepa tinamva uthenga wa maliro awo.

Kwa zaka zambiri nkhaniyi ndinkaisimba ngati nthabwala, ndipo mkazi wanga ankaikonda kwambiri. Panopa iye anatsogola, ana ali kutali, ine ndimakhala ndekha ku Sinda. Amayi sanalakwe, ana awo anali ndi njala. Agogonso sindiwaweruza. Ndinangophunzira mochedwa kuti mlendo wokanirira nthawi zina sathawa njala kwawo, ndiponso kuti tisanamukazingire mtedza ndi bwino kumufunsa kuti kunyumbako wasiyako ndani.

Lamulungu lililonse masana, anzanga a kutchalitchi amabwera kudzandichezera. Akatsanzika ndimatenga chipewa n'kuwaperekeza. Tikafika pa mjigo amati, "Bwererani, abambo, mwafika patali." Ine ndimati pang'ono pokha, ndikufikitseni pa mlatho. Amaganiza kuti ndi ulemu, ndipo sindiwatsutsa. Njira yobwerera ndimaidziwa bwino, ndimangofuna kuti ichedweko kuyamba.